Thandizo la fizi m'makoleji a ku America: kulipeza ndi nkhani ina, kulisunga ndi inanso

Kalata imene koleji ya ku America imatumizira wophunzira, yonena kuti alandira thandizo la madola akutiakuti, imakhala ya chaka chimodzi chokha. Ngakhale m'chakacho, ndalamazo sizibwera zonse pakamodzi. Zimatuluka semesita ndi semesita, ndipo nthawi iliyonse ofesi yoona za thandizo imayamba yaona kaye ngati wophunzirayo akuyenerabe. Mabanja ambiri amathera mphamvu zonse pa kudzaza mafomu oyamba, kalata ikabwera n'kupuma. Komatu ophunzira amene thandizo limawathera pakati pa maphunziro kawirikawiri sakhala oti analakwitsa fomu. Chimawapweteka ndi masamu a makirediti (mapointi amene phunziro lililonse limawerengedwa nawo), omwe samveka kwenikweni pa tsiku lolandira ophunzira atsopano.

Tiyambe ndi komwe ndalamazi zimachokera. Mbali yaikulu imachokera ku boma la dziko lonse, kudzera m'lamulo la Higher Education Act limene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasainira mu 1965. Pali ndalama zongopereka zosabweza, pali ngongole, palinso mwayi wogwira ntchito ya maola ochepa wophunzira n'kumalandira malipiro. Pa zosabweza, yotchuka ndi Pell Grant. Inayamba mu 1972 ili ndi dzina lina, ndipo mu 1980 anaitcha dzina la Claiborne Pell, seneta wa ku Rhode Island amene anailimbikira. M'chaka cha maphunziro cha 2024-25 komanso cha 2025-26, ndalama yochuluka imene munthu akanalandira pa Pell inali $7,395. Pamwamba pa zimenezi, maboma a zigawo ali ndi thandizo lawo, monga Cal Grant ku California ndi HOPE ku Georgia, ndipo makoleji nawo amapereka kuchokera m'thumba mwawo. Makoleji olemera ndiwo amapereka zambiri, nthawi zina kuposa boma.

Khomo lolowera pafupifupi zonsezi ndi fomu imodzi yotchedwa FAFSA. Siilipiritsa, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti mulipire kuti muitumize ndi wofuna kukudyerani. Mwa chizolowezi imatsegulidwa pa 1 Okutobala, pokonzekera chaka cha maphunziro chotsatira. Boma limalandira fomuyi mpaka pa 30 Juni kumapeto kwa chaka cha maphunzirocho, koma tsiku limeneli lisakupusitseni. Zigawo ndi makoleji amatseka kale kwambiri, California mwachitsanzo nthawi zambiri imatseka pa 2 Malichi, ndipo ndalama zina monga za ntchito ija zimakhala zowerengeka pa koleji iliyonse moti zikatha zatha.

Amene angalandire thandizo la boma ndi nzika ya America, kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija amati green card, kapenanso wothawa kwawo amene boma linamulandira. Ayenera kukhala kuti anamaliza sekondale kapena ali ndi satifiketi yofanana nayo, walembetsa maphunziro ovomerezeka, ndipo alibe ngongole ya boma ya maphunziro imene analephera kubweza. Wophunzira wochokera kunja amene ali pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 sangalandire Pell kapena ngongole ya boma ngakhale atasauka bwanji. Iye chiyembekezo chake ndi thumba la koleji, ndipo makoleji ochepa monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst ndiwo amadziwika kuti posankha ophunzira akunja sayang'ana za m'thumba, ndipo akawatenga amawakwaniritsira zonse zimene akusowa. Koma mwana amene ndi nzika amayenera thandizo ngakhale makolo ake atakhala opanda mapepala okhalira m'dzikomo. Boma limayang'ana mapepala a wophunzira.

Funso limene limadabwitsa anthu ambiri ndi lakuti wophunzira amadalira makolo kapena ayi. Pa FAFSA yankho silichokera pa mmene banja likukhalira. Mtsikana wa zaka 21 amene amachita lendi payekha, amagwira ntchito, ndipo makolo ake sanamupatseko ndi dola imodzi yomwe, amawerengedwabe kuti ndi wodalira makolo. Kuti akhale woima payekha ayenera kufika zaka 24, kapena kukhala pabanja, kapena kukhala ndi ana amene iye ndiye amawasamalira kwambiri, kapena kukhala msilikali, kapena wamasiye, kapena woti analeredwa pansi pa boma atakwanitsa zaka 13, kapena wopanda pokhala, kapenanso kukhala kuti akuchita digiri yapamwamba monga ya masitazi. Makolo kungokana kulipira sikusintha kanthu. Wogwira ntchito mu ofesi ya thandizo ali ndi mphamvu yomuchotsa pa makolo ngati pali nkhanza kapena kutayidwa, koma pamafunika umboni. Makolo akakhala kuti anasiyana, fomu imafuna chuma cha kholo limene linathandiza mwanayo ndi ndalama zambiri m'miyezi 12 yapitayo, pamodzi ndi cha mwamuna kapena mkazi wake watsopano ngati linakwatiranso. Kale ankayang'ana kholo limene mwana ankakhala nalo. Lamulolo linasintha kuyambira chaka cha 2024-25.

Chaka chimenecho ndi pamene fomu yonse inasinthidwa potsatira lamulo la FAFSA Simplification Act la mu Disembala 2020. Mafunso amene ankaposa 100 anachepetsedwa, ndipo ziwerengero za msonkho tsopano zimatengedwa mwachindunji ku bungwe la msonkho la IRS, malinga ngati wophunzira ndi kholo lililonse lofunika pa fomuyo avomereza. Mmodzi akangokana kuvomereza, thandizo la boma lonse limaima. Chiyambi chake chinali chachisokonezo, fomu inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala 2023, koma zimene zinasintha m'kati ndizo zatsala. Chimodzi mwa izo chinapweteka mabanja a ana angapo: kale banja lokhala ndi ana awiri pa koleji nthawi imodzi linkagawiridwa mtolo pakati, pano chiwerengero cha ana amene ali pa koleji sichilowanso m'masamu a boma.

Fomu ikawerengedwa pamatuluka nambala yotchedwa SAI, imene imatha kutsika mpaka -1,500. Nambala imeneyi si ndalama imene mudzalipire, ndi muyezo chabe wa mphamvu ya banja. Koleji imatenga mtengo wonse wa chaka, kuphatikiza fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi mayendedwe, n'kuchotsapo SAI, chotsalacho ndicho chosowa cha wophunzira. Mtengo ukakhala $30,000 ndipo SAI ndi 8,000, chosowa ndi $22,000. Palibe lamulo lokakamiza koleji kupereka $22,000 yonseyo. Ambiri amapereka mbali chabe, ndipo m'kalata ija amasakaniza zaulere ndi ngongole pa mndandanda umodzi ngati zonse ndi mphatso. Kwa ine limeneli ndi khalidwe losayenera, chifukwa mwana wa zaka 18 amangoona chiwerengero cha pansi n'kusangalala. Powerenga kalata, yambani mwachotsa ngongole ndi malipiro a ntchito, kenako muone chotsala.

M'masamu a SAI muli zinthu ziwiri zoyenera kudziwa. Choyamba, ndalama zosungidwa m'dzina la wophunzira zimawerengedwa pa 20 peresenti, pamene za makolo siziposa 5.64 peresenti. Madola 10,000 ali ku akaunti ya mwana amakweza SAI ndi 2,000, ali ku akaunti ya kholo saikweza kuposa 564. Nyumba imene banja limakhalamo ndi ndalama za penshoni siziwerengedwa pa FAFSA, ngakhale makoleji amene amafunanso fomu ya CSS Profile ya bungwe la College Board amatha kufunsa za nyumbayo komanso za kholo lina lija limene FAFSA inalisiya. Chachiwiri, fomu imagwiritsa ntchito msonkho wa zaka ziwiri zapitazo. Ya 2025-26 inkayang'ana zimene banja linapeza mu 2023. Ngati bambo ntchito inawathera pambuyo pake, kapena m'banja munagwa matenda odya ndalama, fomu siidziwa. Muyenera kupita nokha ku ofesi ya thandizo ndi makalata, chifukwa lamulo limawalola kusintha ziwerengero poona mmene zinthu zilili pano. Sangakufunseni okha.

Ngongole za boma zili ndi malire. Wophunzira wodalira makolo angabwereke $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, ndi $7,500 pa chaka chilichonse chotsatira, zonse pamodzi zosapitirira $31,000. Mbali ina ya ngongoleyi, kwa amene ali ndi chosowa, boma limalipira chiwongoladzanja chake pamene munthu ali pa sukulu. Inayo imayamba kubereka chiwongoladzanja tsiku limene yatuluka. Mafomu ena amasankhidwa kuti atsimikiziridwe, ndipo koleji imapempha mapepala. Kusankhidwa sikutanthauza kuti akukuganizirani bodza, koma mukazengereza kupereka mapepalawo ndalama sizituluka. Bodza lenileni pa fomuyi chilango chake ndi chindapusa chofika $20,000, kapena ndende, kapena zonse ziwiri.

Pofika apa thandizo lapezeka. Tsopano mpamene pali ntchito.

Phunziro lililonse pa koleji ya ku America lili ndi makirediti, kawirikawiri atatu, ndipo digiri ya zaka zinayi nthawi zambiri imafuna makirediti 120. Lamulo la boma limati koleji iliyonse iziona ngati wolandira thandizo akupita patsogolo mokwanira, chimene m'maofesi amangoti SAP. Miyezo yake ndi itatu, ndipo iyenera kukwaniritsidwa yonse. Woyamba ndi magiredi. A amawerengedwa 4, B 3, C 2, D 1, F ndi ziro, ndipo avereji ya zonse, imene amati GPA, iyenera kukhala 2.0 kapena kuposa pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri. Makoleji ambiri amafuna 2.0 kuyambira pachiyambi pomwe. Muyezo umenewu aliyense amaudziwa ndipo amauopa.

Wachiwiri ndi umene umagwetsa anthu osayembekezera. Koleji imatenga makirediti onse amene wophunzira wakhoza n'kugawa ndi onse amene anayesa, ndipo m'makoleji ambiri yankho liyenera kufika magawo awiri mwa atatu, pafupifupi 67 peresenti. Kuyesa kumaphatikiza phunziro limene unalephera, limene sunamalize, limene ukubwereza, ndiponso limene unasiya nthawi yosinthira maphunziro itadutsa, lija amalemba W pa lipoti. Apa ndi pamene miyezo iwiriyi imakokanakokana. Tiyerekeze kuti mnyamata walembetsa makirediti 15 semesita yoyamba. Pofika pakati waona kuti masamu ndi kemisitiri zikumukanika, ndiye anzake, mwinanso mphunzitsi, amulangiza kuti azisiye kuti asaononge GPA. Langizolo pa nkhani ya magiredi ndi labwino, chifukwa W salowa mu avereji. Atatu otsalawo wakhoza ndi ma B, GPA yake ndi 3.0, makolo akondwa. Koma wakhoza makirediti 9 pa 15, amene ndi 60 peresenti, ndipo pa muyezo wa SAP wagwa kale. Akanalimbikira phunziro limodzi mwa awiriwo n'kupeza ngakhale D, pa koleji imene D ndi kukhoza, akanakhala ndi 12 pa 15, ndipo GPA ikanatsika kufika 2.5, yomwe ili pamwamba pa malire.

Semesita yachiwiri, mnyamata yemweyo akalembetsa 12 n'kukhoza onse amafika 21 pa 27, pafupifupi 78 peresenti, ndipo wapulumuka. Akasiyanso limodzi amakhala ndi 18 pa 27, ndendende magawo awiri mwa atatu. Pa koleji imene inalemba 66.67 peresenti mwina adutsa, pa imene inalemba 67 popanda kukweza nambala wagwa. Ndi chifukwa chake ndondomeko ya SAP ya koleji yanu, imene imakhala pa webusaiti ya ofesi ya thandizo, iyenera kuwerengedwa mawu ndi mawu. Chovuta china n'chakuti masamuwa ndi a kuyambira tsiku loyamba. W wa m'chaka choyamba amakutsatira mpaka umalize, ndipo amapweteka kwambiri pachiyambi pamene makirediti oyesedwa akadali ochepa, nthawi yomweyo imene wophunzira sanazolowere moyo wa pa koleji.

Muyezo wachitatu ndi nthawi. Thandizo limalekeza pa 150 peresenti ya kutalika kwa maphunziro, kotero pa digiri ya makirediti 120 malire ndi makirediti 180 oyesedwa. Koleji siidikira kuti ufike pa 180. Ikangoona kuti masamu sakulola kuti umalize usanadutse malirewo, thandizo limaima. Amene amakodwa apa ndi osintha maphunziro kangapo ndi osamuka pa koleji ina kupita ina. Payokha Pell ili ndi malire a moyo wonse, masemesita 12 a wophunzira wa nthawi zonse, lamulo limene linayamba mu 2012, ndipo malire amenewa amakutsatira kulikonse kumene ungasamukire. Palinso kamsampha kena. Makirediti 12 pa semesita ndi okwanira kuti uwerengedwe wa nthawi zonse ndi kulandira Pell yonse, koma 12 kuchulukitsa ndi masemesita asanu ndi atatu ndi 96. Wofuna kumaliza pa zaka zinayi ayenera kumatenga 15. Wotenga 12 nthawi zonse adzafuna chaka chachisanu, pamene sikolashipu zambiri za makoleji zimathera pa masemesita asanu ndi atatu.

Munthu akagwa pa SAP, chimachitika n'chiyani? Zimatengera kuti koleji imayeza liti. Imene imayeza semesita iliyonse imatha kupereka chenjezo, wophunzira n'kulandirabe thandizo semesita imodzi kuti akonze zinthu. Imene imayeza kamodzi pa chaka ilibe chenjezo, thandizo limangoduka. Pambuyo pake chotsala ndi apilo, imene makoleji ambiri amalola pa zifukwa monga maliro a wachibale, matenda, kuvulala, kapena vuto lina lapadera. Kalata ya apilo iyenera kuyankha mafunso awiri: chinachitika n'chiyani, ndipo chasintha n'chiyani kuti zisachitikenso. Ambiri amadzaza masamba ndi funso loyamba, lachiwiri n'kungolemba kuti ndilimbikira. Komiti imafuna kumva kuti maola a ntchito achepetsedwa kuchoka pa akuti kufika pa akuti, kuti mwana wapezeredwa womusamalira, kuti dokotala walemba kalata. Apilo ikavomerezedwa, wophunzira amaikidwa pa kuyesedwa kwa semesita imodzi kapena pa ndondomeko yapadera ya maphunziro imene ayenera kuitsatira osaphonya. Ikakanidwa, ayenera kudzilipirira yekha mpaka masamu ake abwerere pamwamba pa malire. Kukhala kunyumba semesita imodzi kapena chaka sikufafaniza kanthu.

Sikolashipu zoperekedwa chifukwa cha kukhoza bwino zili ndi malamulo awoawo, okhwima kuposa a boma. HOPE ya ku Georgia, imene inayamba mu 1993 ndi ndalama za lotale, imafuna GPA ya 3.0 ndipo imayeza wophunzira akafika pa makirediti 30, 60 ndi 90 oyesedwa. Munthu angakhale bwinobwino pa SAP koma n'kutaya sikolashipu imene inali theka la thandizo lake. Komanso sikolashipu ya kunja ukaipeza uyenera kuuza koleji, chifukwa thandizo lonse silingapose mtengo wa chaka. Koleji ina imachotsa ngongole poyamba, zimene ndi zabwino, ina imachotsa mphatso yake, wophunzira n'kupezeka kuti wavutikira koleji.

Chowawa kuposa zonse ndi kusiya sukulu pakati pa semesita. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma apa ngakhale ndalama imene yalowa kale mu akaunti siinakhale yako. Boma limaona kuti thandizo umalipata tsiku ndi tsiku pamene ukuphunzira, mpaka utadutsa 60 peresenti ya semesita, pamenepo ndiye lonse ndi lako. Tiyerekeze semesita ya masiku 100 ndi thandizo la boma la $6,000. Wosiya pa tsiku la 30 wapata 30 peresenti, $1,800, ndipo $4,200 iyenera kubwerera ku boma. Koleji imabweza mbali yake, koma ili ndi ndondomeko yakeyake ya fizi, ndipo pofika tsiku la 30 makoleji ambiri amakhala atasiya kubweza fizi kapena akubweza pang'ono. Wophunzira amatsala ndi bilu ya koleji imene sanaiganizireko, ndipo sangalembetse semesita yotsatira asanailipire. Akanatha kupirira mpaka tsiku la 61, boma silikanaitanitsa kanthu, ngakhale ma W onsewo akanalowabe m'masamu a SAP. Amene amangosowa osauza aliyense zimawaipira kwambiri. Amalandira ma F okhaokha, ndipo koleji imene siilemba opezeka m'kalasi imatha kuwerenga kuti anasiya pakati penipeni pa semesita, n'kubweza theka. Matenda kapena maliro sizisankha tsiku, koma asanasaine pepala losiyira sukulu, wophunzira afunse ofesi ya thandizo kuti tsiku la 60 peresenti ndi liti ndipo bilu idzakhala zingati.

Ngakhale osasiya sukulu yonse, kuchepetsa maphunziro kuli ndi zotsatira zake. Pell imatsika molingana ndi makirediti, wotenga 9 amalandira 75 peresenti. Ngongole za boma zimafuna makirediti osachepera 6. Ukatsika pamenepo ngongole yatsopano siituluka, ndipo miyezi isanu ndi umodzi imene boma limapereka munthu asanayambe kubweza imayamba kuwerengedwa. Ambiri osiya sukulu saganizako za ngongoleyo chifukwa alibe digiri ndipo amati adzabwerera, makalata n'kumapita ku adiresi yakale. Pakatha masiku 270 osalipira, ngongoleyo imalembedwa kuti yalephereka, ndipo khomo la Pell ndi ngongole zina limatsekeka. Wofuna kubwerera pa koleji ayenera kuyamba wagwirizana ndi boma. Kulipira kasanu ndi kamodzi motsatizana, mwezi ndi mwezi pa nthawi yake, kumabwezeretsa mwayi wolandira thandizo, ndipo kulipira kasanu ndi kanayi m'miyezi khumi kumachotsa ngongoleyo pa mndandanda wa zolephereka.